Boma Likafika Pafoni: Phindu ndi Mtengo wa Njira za Digito ku Gombe la Nyasa

Boma la Nyasa, lomwe likulu lake ndi Mbamba Bay, linakhazikitsidwa mu 2012 pamene dziko la Tanzania linagawa boma la Mbinga m'chigawo cha Ruvuma, ndipo kalembera wa chaka chomwecho anapezamo anthu 146,160, pomwe pofika pa kalembera wa 2022 chiwerengerocho chinali chitadutsa 190,000. Ena mwa anthuwa amakhala m'kadera kopapatiza ka pakati pa mapiri ndi nyanja imene ku Tanzania imatchedwa Nyasa ndipo ku Malawi imatchedwa Nyanja ya Malawi, kuyambira ku Lituhi kumpoto, kumene mtsinje wa Ruhuhu umathira m'nyanja, kudutsa ku Liuli ndi Mbamba Bay mpaka ku Chiwindi pamalire ndi Mozambique. Ena ali kumtunda, kumapiri kumene kumalimidwa khofi ndi chimanga. Kuchoka ku Mbamba Bay kufika ku Mbinga ndi makilomita 66, kuchoka ku Mbinga kufika ku Songea, likulu la chigawo, ndi makilomita ena pafupifupi 100, pomwe Dar es Salaam ali pa mtunda woposa makilomita 1,000.

Dera lotere limaonetsa bwino tanthauzo la kuyendetsa ntchito za boma m'njira za digito, komwe ndi kuchotsa zolembedwa m'mabuku ndi m'mafayilo a mapepala n'kuziika m'makompyuta olumikizana, kotero kuti kulipira, kupempha chiphaso ndi kupereka malipoti zizitheka popanda munthu kapena pepala kuyenda ulendo. Akatswiri a zachuma amagawa phindu la njirazi patatu: ndalama zimene boma limasiya kuwononga poyendetsa ntchito, ndalama zimene zimasiya kusowa m'njira zisanafike kuthumba la boma kapena kwa oyenera kulandira, ndiponso nthawi ndi ndalama za ulendo zimene nzika imapulumutsa. Malipoti a maboma amakonda kuwerenga mbali ziwiri zoyambazo, koma kumalo akutali monga gombe la Nyasa mbali yachitatu ndiyo imaonetsa ngati kusinthako kwachepetsadi mtengo wa ntchito kapena kwangousamutsa kuchoka ku ofesi kupita m'thumba la msodzi ndi mlimi.

Nambala yolipirira

Kale ndalama iliyonse yolipiridwa ku boma inkadutsa m'manja ambiri. Wolipira ankapereka ndalama kwa wotolera, wotolera ankalemba lisiti m'buku lokhala ndi pepala la kaboni, ndalamazo zinkagona m'kabati mpaka tsiku lopita kubanki, ndipo wowerengera chuma ankayenera kufananitsa mabuku a malisiti ndi kalata yochokera kubanki, ntchito yomwe inkatenga masabata. Pa sitepe iliyonse panali mpata, chifukwa lisiti la pamwamba linkatha kulembedwa ndalama zosiyana ndi za papepala lotsala m'buku, buku lathunthu linkatha kusindikizidwa mwachinyengo, ndipo ndalama zogona m'kabati zinkatha kubwerekedwa osabwezedwa.

Mu Julaye 2017 unduna wa zachuma ku Tanzania unayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa GePG, yomwe ndi khomo limodzi la pakompyuta lolandirira ndalama zonse za boma, ndipo lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha boma linasinthidwa chaka chomwecho kuti nthambi zonse zizitolera ndalama kudzera m'njirayi. Ofesi ikafuna kulipiritsa munthu, kompyuta imatulutsa nambala ya manambala 12 yoyamba ndi 99, imene anthu amaitchula kuti control number, ndipo nambalayo imamangirira pamodzi dzina la wolipira, ntchito imene akulipirira ndi kuchuluka kwa ndalama. Munthuyo amalipira kubanki, kwa ejenti kapena pafoni yake ya m'manja, ndalama zimalowa mu akaunti ya boma nthawi yomweyo, uthenga wotsimikizira umafika pafoni, ndipo wogwira ntchito pa ofesi amangoona pakompyuta kuti ngongole yatha popanda kugwira khobidi lililonse.

Njirayi inatheka chifukwa anthu anali atazolowera kale kusunga ndi kutumiza ndalama pafoni kuyambira pamene kampani ya Vodacom inayambitsa M-Pesa m'dzikolo mu 2008, makampani ena monga Tigo, Airtel ndi Halotel n'kutsatira. M'boma ngati la Nyasa, momwe nthambi za mabanki ndi zochepa kwambiri koma maejenti a ndalama za pafoni amapezeka m'misika ndi m'madoko a asodzi, boma linapeza malo olandirira ndalama ambirimbiri amene silinamange, sililipira lendi yake, ndiponso silinalembe ntchito anthu okhalamo. Apa ndi pamene pagona gawo lalikulu la ndalama zimene boma limapulumutsa: mtengo wosindikiza mabuku a malisiti, wonyamula ndi kulondera ndalama, ndi wa masiku ambiri ofananitsa mabuku.

Msonkho wa padoko ndi pamsika

Khonsolo ya boma imakhala ndi ndalama za mitundu iwiri, zochokera ku boma lalikulu ndi zimene imatolera yokha, ndipo kugombe la Nyasa zachiwirizi zimachokera makamaka ku msonkho wa nsomba monga usipa wouma umene amalonda amapita nawo kumtunda, msonkho wa mbewu monga khofi, ziphaso za malonda ndi za usodzi, ndi ndalama za m'misika ndi m'malo okwerera mabasi. Misonkho yotereyi ndi yovuta kutolera kuposa ina yonse, popeza ndi ndalama zing'onozing'ono zolipiridwa ndi anthu ambiri, m'malo omwazikana, nthawi zambiri m'bandakucha pamene mabwato akukocheza, kutali ndi maso a aliyense woyang'anira.

Pofuna kutseka mpata umenewu, nthambi ya boma yoyang'anira zigawo ndi makhonsolo, yodziwika ndi dzina lakuti TAMISEMI, inafalitsa m'makhonsolo onse njira yotchedwa LGRCIS, yomwe inayambira m'mizinda ngati Arusha cha mu 2014 mothandizidwa ndi World Bank, ndipo m'zaka zaposachedwa inalowedwa m'malo ndi ina yotchedwa TAUSI. Wotolera msonkho amanyamula kamakina ka m'manja kotchedwa POS, kamene kamasindikiza lisiti pomwepo n'kutumiza uthenga ku kompyuta yaikulu, moti msungichuma wa khonsolo amatha kuona ali mu ofesi kuti padoko lakutilakuti patoleredwa ndalama zingati pofika masana. Kudzera pa TAUSI, wamalonda angathenso kupempha chiphaso cha bizinesi pa intaneti, kulandira nambala yolipirira ndi kutenga chiphasocho osakwera galimoto.

Komabe malipoti a chaka ndi chaka a mkulu wolondoloza chuma cha boma la Tanzania akhala akusonyeza kuti m'makhonsolo ambiri a m'dzikolo ndalama zina zolembedwa ndi makina a POS sizifika kubanki, kuti makina ena amakhala ozimitsidwa kwa nthawi yaitali, ndiponso kuti ndalama zina zimagwiritsidwa ntchito zisanasungitsidwe. Chifukwa chake n'chakuti kamakinako kamalemba za ndalama koma sikanyamula ndalamazo, ndipo malinga ngati wogula usipa akupereka ndalama pamanja, zimakhalabe m'thumba la wotolera mpaka atazipititsa. Chimene makinawo asintha n'chakuti kusowa kwa ndalama tsopano kumasiya mapazi, popeza kusiyana kwa zimene zinalembedwa ndi zimene zinasungitsidwa kumaoneka pamodzi ndi dzina la wogwira makina ndi tsiku lake, pomwe m'nthawi ya mabuku ndalama yosalembedwa inkangokhala ngati sinatoleredwe n'komwe.

Ndalama zotuluka m'thumba la boma

Mbali ya ndalama zotuluka ili ndi chitsanzo chodziwika kwambiri. Mu 2016 boma la Pulezidenti John Magufuli linachita kauniuni wa mndandanda wa olandira malipiro, ndipo pofika mwezi wa Meyi linalengeza kuti lachotsa mayina oposa 10,000 a anthu omwalira, opuma ntchito kapena ongopeka, amene ankadya ndalama zoposa madola 2 miliyoni a ku America mwezi uliwonse. Mu Epulo 2017 antchito ena 9,932 anachotsedwa chifukwa cha masatifiketi a sukulu achinyengo. Ntchitoyi inafunika anthu kuyendera maofesi ndi kuona nkhope za antchito, koma chimene chimateteza kuti mayina abodza asabwererenso ndi mndandanda umodzi wa pakompyuta umene umafananitsidwa ndi kaundula wa nzika, chifukwa mphunzitsi wongopeka amabisala mosavuta pasukulu yakutali ya kuphiri kapena kugombe, kumene woyendera sukulu amafika kamodzikamodzi.

Kusintha kwina kumene kunakhudza midzi mwachindunji ndi kutumiza ndalama molunjika kusukulu ndi kuzipatala zazing'ono m'malo mozidutsitsa ku khonsolo. Kuyambira mu Januwale 2016, pamene maphunziro aulere anayamba, ndalama zoyendetsera sukulu zinayamba kulowa mu akaunti ya sukulu iliyonse, ndipo m'chaka cha boma cha 2017/18 zomwezo zinachitika kuzipatala za m'midzi. Kuti zimenezi zitheke panafunika njira ya pakompyuta yotchedwa FFARS, momwe sukulu kapena chipatala chimalemba zimene chalandira ndi zimene chagula, ndi ina yotchedwa PlanRep yokonzera bajeti. Phindu lake lagona pa nthawi, popeza chipatala chaching'ono cha kugombe chimene denga lake likudontha kapena mankhwala ena atha sichidikiranso kuti pempho liyende kupita kulikulu ndi kubwerako, ndipo ndalama zimene zikanathera pa maulendo ndi maalawansi a onyamula malipoti zimatsala pa ntchito yeniyeni. Pa kugula katundu wa boma, kuyambira mu 2023 nthambi zonse zimayenera kulengeza ndi kupereka makontilakiti kudzera pa njira yotchedwa NeST, zomwe zimapatsa kontilakitala wa ku Mbamba Bay mwayi wopikisana nawo popanda kunyamula maenvulopu kupita kutauni.

Chitupa, chiphaso cha kubadwa ndi feteleza

Njira zonsezi zimadalira kuti boma lidziwe kuti munthu ndi ndani, ndipo ntchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la NIDA, lomwe linakhazikitsidwa mu 2008 ndipo limapatsa nzika iliyonse ya zaka 18 kupita m'tsogolo nambala ya manambala 20 yolumikizidwa ndi zidindo za zala. Kwa ana, bungwe la RITA, mogwirizana ndi UNICEF, boma la Canada ndi kampani ya Tigo, linayambitsa mu 2013 m'chigawo cha Mbeya njira yolembetsa ana osakwana zaka zisanu kuchipatala kapena ku ofesi ya wadi, kumene kholo limalandira chiphaso cha kubadwa pomwepo ndipo zolembedwazo zimatumizidwa kulikulu pafoni. Kale kholo linkayenda kawiri kapena kuposa kupita ku ofesi ya boma, ulendo woyamba wokalembetsa ndi wina wokatenga chiphaso, ndipo mabanja ambiri akutali ankangozisiya. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2010 anapeza kuti ana 16 okha mwa 100 aliwonse anali olembetsedwa, pomwe wa 2022 anapeza pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse.

M'nyengo ya ulimi ya 2022/23 boma linalembanso alimi pakompyuta kuti azigula feteleza wotsika mtengo pogwiritsa ntchito nambala ya mlimi aliyense, nkhani yofunika kwambiri ku Ruvuma, chigawo chimene chili m'gulu la nkhokwe za chimanga za dzikolo. Cholinga chake chinkafanana ndi cha ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP ku Malawi, yomwe itayamba mu 2020 inasiya makuponi a mapepala n'kuyamba kugwiritsa ntchito chitupa cha unzika chimene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa mu 2017. Ku Malawi alimi anaona mbali zonse ziwiri za njirayi: makuponi achinyengo anachepa, koma netiweki ikavuta anthu ankagona pamadepoti feteleza ali momwemo.

Mtengo umene umagwera nzika

Ntchito imene boma lasiya kuchita siyimazimiririka nthawi zonse, chifukwa nthawi zina imangogwera munthu wina. Nkhalamba yopanda foni, kapena yosadziwa kuwerenga mauthenga a pafoni, imalipira mnyamata wa pashopu ya makompyuta kuti ailembere fomu, imalipiranso ejenti kuti aitumizire ndalama, ndipo ikalakwitsa nambala imodzi imayenera kuyenda ulendo womwe uja umene makina ankati authetsa. Olandira thandizo la bungwe la TASAF, lomwe limapereka ndalama kwa mabanja osauka ndipo lakhala likusamukira ku malipiro a pafoni ndi a kubanki, amapindula posadikira tsiku lonse pamzere, koma phindulo limachepa ngati ejenti ali kutali kapena alibe ndalama zokwanira m'kabati tsiku limene mudzi wonse walandira. Pamene boma linalamula kuti nambala zonse za foni zilembetsedwe ndi zidindo za zala pofika pa 20 Januwale 2020, mizere ya pa maofesi a NIDA inatalika m'dziko lonse ndipo nambala mamiliyoni zinatsekedwa, ndipo m'dziko limene boma limalipiridwa pafoni, kutsekedwa kwa nambala n'kutsekedwa kwa khomo la ofesi.

Msonkho nawonso ungabweze anthu m'mbuyo. Mu Julaye 2021 boma la Tanzania linaika msonkho watsopano, wodziwika kuti tozo, pa kutumiza ndi kutapa ndalama pafoni, kuyambira mashilingi 10 mpaka 10,000 malinga ndi kukula kwa ndalama. Anthu anadandaula kwambiri, ambiri anabwerera ku ndalama za pamanja, ndipo boma linautsitsa ndi 30 peresenti mu Seputembala chaka chomwecho n'kupitiriza kuutsitsa m'zaka zotsatira. Msonkho wotere umapweteka kwambiri anthu a kumudzi amene alibe banki pafupi, amenenso ndi anthu omwe boma limapulumutsa ndalama zambiri likawafikira pafoni.

Pansi pa zonsezi pali magetsi ndi netiweki. Chigawo cha Ruvuma chinkadalira majenereta a dizilo mpaka 2018, pamene nthambo ya magetsi yochokera ku Makambako kufika ku Songea inamalizidwa ndi thandizo la dziko la Sweden, ndipo nsanja za foni m'madera amene makampani saonamo phindu zimamangidwa ndi thandizo la thumba la boma la UCSAF, lomwe mu 2023 linasainira mapangano a nsanja 758 m'dziko lonse pansi pa pulojekiti ya Digital Tanzania imene World Bank inavomereza mu 2021 ndi ndalama zokwana madola 150 miliyoni. Mapiri otsetsereka amene amatchinga gombe la Nyasa amachititsa kuti nsanja imodzi isafike patali, choncho mtengo wolumikiza mudzi umodzi ndi wokwera kuposa kuchigwa. Ngakhale zonse zitamangidwa, vuto lingachokere kutali, monga zinachitikira pa 12 Meyi 2024 pamene nthambo za intaneti za pansi pa nyanja ya mchere za EASSy ndi Seacom zinaduka, intaneti n'kufooka kwa masiku angapo ku Tanzania, Malawi ndi mayiko oyandikana nawo.

Kuwerenga phindu moona

Kuyeza phindu la njira za digito n'kovuta chifukwa nthawi zambiri zimabwera pamodzi ndi zosintha zina. Ndalama za khonsolo zikakwera chaka chimene makina a POS afika, mwina zakwera chifukwa cha makinawo, mwina chifukwa msewu wa tala wa Mbinga kupita ku Mbamba Bay, womangidwa ndi ngongole ya African Development Bank, wachulukitsa amalonda, mwinanso chifukwa usipa unagwidwa wambiri chaka chimenecho. N'chifukwa chake ofufuza amalemekeza kafukufuku wofananitsa madera amene alandira njira yatsopano ndi amene sanalandire, monga amene Karthik Muralidharan, Paul Niehaus ndi Sandip Sukhtankar anachita ku Andhra Pradesh m'dziko la India ndi kufalitsa mu 2016. Iwo anapeza kuti kulipira anthu a ntchito zachitukuko ndi makadi a zidindo za zala kunachepetsa ndalama zosowa m'njira ndi pafupifupi 41 peresenti, ndiponso kuti nthawi imene olandira anapulumutsa, ikawerengedwa ngati ndalama, inali yokwanira payokha kubweza mtengo wa ndondomeko yonse.

Mbiri ya Malawi ikupereka chenjezo la mbali inayo. Kubedwa kwa ndalama za boma kwa mu 2013, kodziwika kuti Cashgate, kunachitikira mkati mwa njira ya pakompyuta ya IFMIS, momwe malipiro a katundu amene sanaperekedwe ankalowetsedwa kenako n'kufufutidwa, ndipo kampani ya Baker Tilly inapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inasowa m'miyezi isanu ndi umodzi. Kompyuta imafulumizitsa chilichonse chimene yapatsidwa, kuphatikizapo kuba, ngati manambala achinsinsi akubwerekanidwa ndipo palibe wowerenga zimene makinawo akulemba. Tanzania inakhazikitsa lamulo la boma la pa intaneti mu 2019, lomwe linapatsa bungwe la e-GA mphamvu zoyang'anira makina a nthambi zonse kuti azitha kulankhulana m'malo moti nthambi iliyonse izigula akeake, ndiponso lamulo loteteza zinsinsi za anthu mu 2022, koma mphamvu ya malamulowa imadalira kuti zimene wolondoloza chuma wapeza zizitsatiridwa ndi chilango ndi kubweza ndalama.

Doko latsopano la Mbamba Bay, limene Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anaika mwala wa maziko ake mu Seputembala 2024, likuyembekezeka kulumikiza msewu wochokera ku Mtwara ndi Nkhata Bay kutsidya kwa nyanja, ndipo katundu akachuluka, ntchito za kasitomu, zoona anthu olowa ndi otuluka, ziphaso ndi misonkho zidzachulukanso, zonse zikudutsa pa nambala yolipirira. Okonza mapulani a boma ndi makhansala a khonsolo adzafunika kuwerenga zambiri kuposa ndalama zotoleredwa: masiku amene munthu amadikira chiphaso, makilomita amene amayenda kuti apeze ejenti kapena netiweki, ndalama zimene amalipira omuthandiza kulemba fomu, ndi chiwerengero cha anthu amene amabwerera osathandizidwa chifukwa makina sakugwira. Ziwerengero zimenezi zikamatsika limodzi ndi ndalama zoyendetsera maofesi, ndiye kuti mtengo wa ntchito za boma watsikadi, koma zikamakwera pamene za maofesi zikutsika, ndiye kuti boma lapulumutsa ndalama zake pogwiritsa ntchito za anthu amene limayenera kuwatumikira.